Zipewa Zitatu pa Tebulo (Gawo Lachinayi)

Mu gawo lapitalo tinasiya Darius, mnyamata wa zaka 17 wa ku LaPlace m'chigawo cha Louisiana, atalephera kusayina kalata yake mu Disembala. Mtima wake unali ku yunivesite ya Alabama, koma amayi ake, a Yolanda, anakana kuika dzina lawo pa pepalalo, ndipo lamulo la nthawiyo linkafuna kuti wosewera wosakwana zaka 21 asayinire limodzi ndi kholo. Tsiku lotsatira losayinira linali Lachitatu pa 7 Febuluwale 2024.

Nkhani inafika madzulo a pa 10 Januwale, Darius ali chagada pa benchi akukankha zitsulo. Mnzake amene ankamuwerengera anasiyira panjira, maso ali pa foni.

"Darius, tsitsa kaye. Saban wapuma pa ntchito."

"Usamaseweretse zinthu zimenezo."

"Ona wekha."

Mafoni onse m'chipindamo anali akulira. Kochi Nick Saban, wa zaka 72, anali atatula pansi udindo patangopita masiku 9 chigonjereni kwa Michigan mu Rose Bowl. Zaka 17 ku Alabama, zikho 6 za dziko lonse, osawerengera chimene anatenga ali ku LSU mu 2003. Darius anakhala tsonga, thukuta likudontha pachibwano. Iye amasewera pa cornerback, malo a wotchinga amene amayamba kuthamanga chafutambuyo, maso pa chiuno cha mdani wofuna kuwakha mpira, ndipo akangolakwitsa phazi limodzi bwalo lonse limaona. Saban ankadziwika kuti pa zokonzekera, chipewa chake chaudzu chili kumutu, ankapita yekha kukaima ndi anyamata a malo amenewa nkumawawongola phazi ndi phazi. Ochuluka amene anadutsa m'manja mwake anakalowa mu NFL. Manja amenewo ndi amene Darius anakanganirana ndi amayi ake mwezi wathunthu, ndipo tsopano anali atapita.

Kunyumba anapeza amayi ake atavula kale nsapato za kuntchito, akutakasa mphika. A Yolanda amagwira ntchito pa chipatala cha odwala impso, amalowa 5 koloko m'mawa, koma nkhaniyi inawapezabe komweko, odwala ena akuwomba m'manja ali pa makina otsuka magazi. Ku Louisiana dzina la Saban ndi chilonda chakale. Anawapatsa chikho, kenako nkukakhazikika kwa adani awo.

"Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Samba m'manja udye."

Anadya mwakachetechete. Darius akanakonda amayi ake akanamuseka kapena kumukalipira. Atatsala pang'ono kumaliza mpamene anayankhula, maso ali pa mbale yawo.

"Ukanasayina mu Disembala, lero ukanakhala wa ndani?"

"Wa Alabama, amayi. Kalata ija imamanga munthu ku sukulu, osati kwa kochi. Sukulu sinasamuke."

"Sukulu sinabwere pakhomo pano kudzadya gumbo wanga. Panabwera anthu, ndipo anthu amasamuka."

Apa tiyenera kuwamvetsa a Yolanda, chifukwa anthu a pa intaneti anali atawaweruza kale kuti ndi mayi wokakamira mwana. Mwana wawo woyamba, Andre, nayenso anali waliwiro. Mayeso sanakhoze bwino, ndiye anapita ku koleji ya zaka ziwiri ku Kansas, ulendo wa tsiku lathunthu pa galimoto. Kochi amene anadzamutenga anagwira dzanja la a Yolanda ndi manja awiri, nalumbira kuti adzamusamala ngati mwana wake. M'chaka chachiwiri mtsempha wa m'bondo unaduka, kochi uja atapeza kale ntchito kwina. A Yolanda anamva za opaleshoni itachitika kale. Andre anabwerako ndi ndodo ziwiri ndi botolo la mapiritsi opha ululu, ndipo ndodo anazisiya msanga kuposa botolo. Lero amayendetsa forklift mu fakitale ina m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, ndipo masewero a Loweruka saonera. Pa chitseko cha firiji a Yolanda anamatapo kapepala ka chiwerengero cha bungwe la NCAA chosonyeza kuti mwa osewera 100 a ku koleji, osakwana 2 ndi amene amatengedwa ndi NFL. Choncho akamati LSU, sankanena za bwalo la Tiger Stadium lolowa anthu oposa 100,000, kapena za Jayden Daniels amene anali atangolandira mphoto ya Heisman mu Disembala. Ankanena za msewu wa I-10. Kuchoka ku LaPlace kukafika ku Baton Rouge, kumene kuli LSU, sipakwana ola.

"Bondo likaduka 9 koloko usiku," ankatero, "10 koloko ndili pambali pa bedi lako. Andiuze kochi wina amene angalonjeze zimenezo."

Chifukwa chake chenicheni Darius sankatha kuwauza amayi ake. Anakachinenera mu ofesi ya Kochi Landry kusukulu kwawo, kachipinda kopanda zenera, komwe makalata a mayunivesite anali atasefukira m'makatoni. Makampani monga 247Sports, Rivals, On3 ndi ESPN ankapima anyamata a kusekondale m'dziko lonse nkumawapatsa nyenyezi, zisanu kwa ochepa zedi. Darius anali ndi zinayi.

"Kochi, chilandirireni nyenyezi zimenezi, abale anga achuluka. Msuweni amene sanabwere ku maliro a agogo akufuna matikiti a masewero amene sindinayambe nkusewera komwe. Anyamata a pa kona akuti tikakhala limodzi ku Baton Rouge. Inu munalipo tikuika Tay, ndipo mukudziwa kuti chipolopolo chija sichinali chake. Ku Baton Rouge aliyense angandipeze. Ku Tuscaloosa, kumene kuli Alabama, ndi maola pafupifupi asanu. Wofuna kundivuta ayambe wathira mafuta."

"Saban atachoka ukufunabe kumeneko? Caleb Downs, amene anali wotchinga wawo wabwino kwambiri, wasamukira ku Ohio State."

"Ndiye kuti kumbuyoko kuli malo. Ndikayamba kusewera msanga."

Kochi Landry anakankhira mpando kumbuyo. Anali ataphunzitsa mpira zaka zambiri moti nkhani zotere anali nazo m'mutu zingapo.

"Mu Januwale 2012 ndinaonera Landon Collins pa TV, mnyamata wa ku Dutchtown, pompa apa pa Geismar. Anasankha Alabama dziko lonse likuona, amayi ake ali pambali pake akupukusa mutu, nkunena poyera kuti iwo ankafuna LSU. Anapitabe, anatenga chikho chaka choyamba chomwecho, kenako NFL. Chaka chotsatira ku Florida, amayi a Alex Collins anatenga mapepala nkutuluka nawo, osafuna kuti mwana apite ku Arkansas. Mawa lake anasayinira ndi bambo ake."

Darius anadzutsa mutu. "Ndiye kuti abambo anga angathe kusayina?"

"Pa pepala lija kholo ndi kholo. Angathe. Koma ndikufunse, Darius. Uli ndi zaka 9, amene ankakupeza pa bwalo mvula ikugwa, yunifolomu ya kuchipatala ili m'thupi, anali ndani?"

Mnyamatayo sanayankhe.

"Pita ukalankhule ndi amayi ako. Zimene wandiuza inezi ukawauze iwowo."

Masabata otsatira makochi anasinthanasinthana pa mpando wa pabalaza. Wa ku LSU anabwera kawiri, anadya nyemba zofiira ndi mpunga za Lolemba mpaka kupempha zina, ndipo a Yolanda ankamutchula dzina ngati mnansi. Alabama inali italemba Kalen DeBoer kuchokera ku Washington patangotha masiku awiri Saban atachoka, ndipo wothandizira amene anafika pakhomo anali mlendo kwa onse. Analankhula zochepa. A Yolanda anamufunsa za madokotala a timu, za amene amaimbira kholo mwana akavulala, za digiri ngati mpira utatha. Anayankha zonse, iwo akulemba m'kabuku. Atachoka anatseka kabukuko osanena kanthu.

Mlendo wachitatu sanali kochi. Anafika ndi a Terrence.

A Terrence, bambo ake a Darius, anasewerapo ku yunivesite ya Grambling m'zaka zomaliza za kochi Eddie Robinson, ndipo nambala yawo inali 21, yomwe Darius amavala. Anachoka panyumba mnyamatayo ali ndi zaka 5 nkukakhala ku Houston. Ndalama yothandizira ana inkabwera mwezi uno, miyezi inayi osabwera. Namondwe Ida atawomba pa 29 Ogasiti 2021 nkusasula madenga ndi kumiza misewu ya LaPlace, a Terrence anaimba foni kamodzi. A inshuwalansi anapereka ndalama yosakwana, ndipo kwa zaka ziwiri theka la denga linali chipepala chabuluu chapulasitiki, zidebe zili ndandanda m'chipinda cha Darius. Koma Khirisimasi yapitayi isanafike, a Terrence anatulukira ndi amisiri. Masiku anayi, denga latsopano. Anati ndi ngongole yawo ya zaka zonse zija, ndipo a Yolanda analandira chifukwa inalidi ngongole.

Tsopano anabwera ndi bambo wina wonenepa, wa wotchi yagolide, dzina lake Reggie. Anyamata a mpira onse a m'mbali mwa mtsinje ankamutcha amalume ngakhale sanali mbale wa aliyense. Anali ndi msasa wophunzitsira liwiro, ankanyamula anyamata pa minibasi yake kupita nawo kukaona mayunivesite, ndipo ankadziwana ndi anthu andalama otsatira sukulu ina yaikulu ya ku Texas. Darius anakaionako sukuluyo mu Juni, maola 48 a ulendo wolipiridwa, hotela yapamwamba, zithunzi atavala jezi yawo. Sanaikonde, sanaidenso.

"Mayi, zinthu zinasintha," anatero Reggie, atakana khofi. "Kuyambira pa 1 Julayi 2021 mnyamata akhoza kudyera dzina lake ndi chithunzi chake. Anzanga aja asonkha thumba. Madola 600,000 pa zaka zitatu. Inu ntchito yolawirira mdima ija mukhoza kuisiya."

"Zalembedwa pati?"

"Zoterezi sizilembedwa mwana asanasayine. Lamulo silola kuti ndalama ikhale nyambo. Akangosayina, mapepala atuluka."

"Ndiye kuti ndi mawu a pakamwa panu."

"Mawu anga ndi odalirika, mayi. Funsani Terrence."

A Yolanda anali atawerenga za Jaden Rashada, amene anasayina ku Florida kumapeto kwa 2022 atamva za madola oposa 13 miliyoni, pangano nkugwa, mnyamata nkukathera ku Arizona State. Anamutchula. Reggie anaseka, nati zimenezo ndi za anthu osadziwa ntchito. A Terrence sanaseke. Nthawi yonseyo ankangoyang'ana kudenga, ndipo Andre, amene anaima pakhomo la khitchini, anaona.

"Yolanda, tangoganizira," anatero a Terrence potuluka. "Ine ndinasewera mwaulere, mawondo anga onse awiri anatsala pa bwalo. Mwanayu asachite zimene ndinachita ine."

"Akuchita kale zosiyana ndi zako, Terrence. Amabwera kunyumba usiku uliwonse."

Sabata losayinira likafika, lamulo limaletsa makochi kukumana maso ndi maso ndi anyamata. Pabalaza panazizira. Kunja anthu anali pa zokonzekera Mardi Gras, ma king cake ali mbwee m'masitolo, mikanda ikulendewera m'mitengo. Sukulu zitatu zinali zitatumiza kalata zawo pa imelo ya Darius, iliyonse ndi malo awiri osayinira, ndipo iliyonse inkatseguka 7 koloko m'mawa wa Lachitatu. Munthu amasayina imodzi yokha. Kochi Landry anasindikiza ziwiri, ya LSU ndi ya Alabama, nkuziika mu envelopu yomwe a Yolanda anaisunga m'chikwama chawo cha kutchalitchi. Yachitatu anati sakuifuna m'nyumba mwawo.

Lachiwiri usiku, amayi awo atagona, Andre anakodola mng'ono wake. Anakakhala pa masitepe a kuseri.

"Ndakhala ndikudziletsa, koma mawa zikhala zitachedwa. Mmodzi mwa amisiri a denga lija timapemphera limodzi. Cheke chimene analandira sichinali cha abambo. Chinachokera ku kampani ya msasa wa Reggie."

Darius anamuyang'ana nthawi yaitali. "Amayi akudziwa?"

"Akanadziwa akanakwera okha kukasasula."

"Ndiye ine ndagulitsidwa kale."

"Sindinanene choncho. Ndati ukawafunse."

A Terrence ankagona pa motelo ina ya mu Airline Highway. Darius anayenda wapansi, jekete lili kumutu, ndipo anawapeza atakhala m'galimoto yawo, injini ikulira kuti mukhale kafunda. Analowa nkuponya foni yake pa dashibodi chifukwa inkangolira ndi mauthenga a makochi.

"Zingati, abambo?"

Sananamizire kusamva. Anazimitsa wailesi.

"Madola 45,000. Denga linatenga 18,000. Zina ndinali ndi mavuto anga ku Houston."

"Munalonjeza chiyani?"

"Kuti ndilankhula nawe."

"Kulankhula chabe sagula ndi ndalama imeneyo."

A Terrence anapukuta nkhope ndi manja onse awiri. Munthu akawaona pa nthawi imeneyo sakanati ndi chigawenga. Anali bambo amene analephera kwa zaka 12, ndipo tsiku lina munthu anamusonyeza njira yolipirira kulepherako kamodzi nkamodzi. Ndi mmene misampha yambiri ya pa malonda a anawa imakolera. Simayamba ndi dyera, imayamba ndi manyazi.

"Mwana wanga, ndinalowa m'chipinda chako mu Novembala. Zidebe zinayi. Mnyamata amene makochi a dziko lonse akumuthamangira akugona pambali pa zidebe. Ndinatuluka ndikulira. Reggie anati ndi ngongole yopanda chiwongoladzanja, idzabwezedwa kuchokera pa ndalama yako yoyamba. Ndinkaganiza kuti Saban kapena ayi, ukaona 600,000 uvomera. Ndani angakane?"

"Ndikakana?"

"Akufuna yonse pofika Lachisanu. Ndipo akuti akauza atolankhani kuti banja lako linalandira ndalama. A NCAA akayamba kufufuza, ukhoza kukhala panja chaka chonse. Alabama yakoyo ikhoza kukusiya."

"Ine sindinalandire kanthu."

"Ukugona pansi pake, mwana wanga."

Mvula inali itayamba kuwaza pa galasi. Darius anamva pakhosi pakuuma.

"Sukulu ija si yoipa," anapitiriza a Terrence mofulumira. "Bwalo lalikulu, pa TV sabata iliyonse. Ili pafupi ndi ine. Ukasewere chaka chimodzi, ukapanda kuikonda usamuke, masiku ano aliyense akusamuka. Amayi ako sakufunika kusayina, ndisayina ine. Sadzadziwa ndi za denga zomwe. Ndikukupempha ngati bambo ako. Sindinakupemphepo kanthu."

"Simunandipatsenso kanthu, kupatula nambala ya pa jezi."

Mawuwo atatuluka onse awiri anakhala chete. Darius anatsegula chitseko nkuyamba kuthamanga mumvulamo, bambo ake akumuitana kumbuyo. Anafika kunyumba atanyowa, anagona ndi zovala, ndipo tulo sitinabwere. Anafunafuna foni kuti aone nthawi, nkukumbukira kuti yatsala pa dashibodi. Anati aitenga mawa.

Itakwana 4 koloko anamva ketulo ikulira. A Yolanda anali atapempha tchuthi tsikulo, koma thupi linazolowera kudzuka. Anawapeza pa tebulo la kukhitchini, envelopu ili patsogolo pawo, kabuku kaja kali potsegula.

"Khala pansi. Maso akowo sanagone."

Anakhala. Ankafuna kuyamba ndi denga, koma pakamwa panatuluka zina. Anawauza za msuweni wa matikiti, za anyamata a pa kona, za Tay. Anawauza kuti usiku wa maliro aja analota ali m'bokosi atavala jezi yapepo ya LSU, anthu akukanganirana nsapato zake. Anati sakuthawa amayi ake, akuthawa anthu amene amadziwa njira ya kunyumba kwa amayi ake. Analankhula nthawi yaitali, kuposa mmene analankhulirapo chibadwire, ndipo a Yolanda sanamudule.

Atamaliza anadzuka, anathira madzi m'makapu awiri, nkubwerera.

"Bwanji sunandiuze mu Disembala?"

"Ndinkaopa kuti muganiza kuti ndikunyoza kwathu."

"Ine ndinkaona Andre. Nthawi iliyonse ukati Tuscaloosa, ndinkaona ndodo zija zikutsika m'basi." Anatsegula envelopu, natulutsa kalata ya Alabama, nkuiwongola ndi chikhatho. "Bambo uja anandipatsa nambala ya dokotala wa timu. Ndinamuimbira Lachisanu, anayankha yekha. Maola asanu ndingayendetse. Galimoto ndi yakale, koma ndingayendetse."

"Amayi..."

"Usandilize, ndadzola kale mafuta. Tikasayina pamaso pa anthu, 9 koloko, kuti onse amene ankandinena aone dzanja langa likulemba. Ndipo udzabwera ndi digiri. Mpira kapena ayi, digiri."

"Inde, amayi."

Apa mpamene akananena za denga. Anayang'ana nkhope ya amayi ake, yopepuka koyamba m'miyezi iwiri, ndipo anaganiza kuti awauza madzulo, zonse zitatha, Kochi Landry ali pomwepo kuti athandize kupeza loya.

Cha m'ma 8 koloko a Terrence anaima pa msewu osazimitsa injini. Anali atavala suti. Anatulutsa dzanja pa zenera nkupereka foni.

"Unaiwala iyi."

"Zikomo. Abambo, ndasankha. Amayi asayina."

"Ndamva." Maso awo anali ofiira. "Tikumana kuholo."

Foniyo inali yozima. Darius anaiika m'thumba la jekete osaiyatsa, chifukwa ankadziwa kuti mukhala mauthenga mazanamazana.

Holo ya masewera inali yodzaza mpaka mipando ya pamwamba. Gulu la zitoliro ndi ng'oma linali kumanzere, anyamata a timu atavala majezi awo kumanja, makamera a TV ya ku New Orleans ali kutsogolo. Pa tebulo lalitali loyala nsalu yoyera panali zipewa zitatu, monga mwa mwambo wa tsikuli: chapepo cha LSU, chofiira cha Alabama, ndi cha sukulu ya ku Texas chimene Kochi Landry anaikapo kuti anthu asadziwiretu. Panali mipando inayi. Darius anakhala pakati, amayi ake kudzanja lamanja atavala diresi ya kutchalitchi, chikwama chili pamiyendo. Andre anakhala kumapeto. Mpando wa a Terrence unali wopanda munthu.

"Tisawadikire," ananong'ona a Yolanda. "Tinazolowera."

Mphunzitsi wamkulu analankhula, abusa anapemphera, kenako Kochi Landry anatenga maikolofoni nkuyamba kufotokoza za kamnyamata kowonda kamene kanabwera zaka zinayi zapitazo nsapato zili zazikulu. Darius ankamva mawu osamva tanthauzo. Maso ake anali ku chitseko cha kumbuyo, kumene Reggie anali atatsamira khoma, manja ali m'matumba, akumwetulira ngati munthu amene wadya kale.

Foni yoyamba inalira ku mipando ya pamwamba. Kenako ina. Mtolankhani wa kutsogolo anayang'ana yake, nakodola wa kamera. Phokoso la manong'onong'o linatsika mzere ndi mzere mpaka gulu la ng'oma linasiya kumvetsera kochi. Mnyamata wina wa timu analumpha mpando, nathamangira kwa Kochi Landry, foni ili m'mwamba. Kochi anawerenga, anatsitsa maikolofoni, nkubwera pa tebulo pang'onopang'ono. Anaika foniyo pakati pa mayi ndi mwana.

Chinali chithunzi cha Darius, chimodzi mwa zija za mu Juni, atavala jezi ya sukulu ya ku Texas. Sukuluyo inali italengeza pa tsamba lake kuti kalata yake yafika, yosayinidwa.

"Darius," anatero kochi motsitsa mawu, dzanja litatseka maikolofoni. "Ndikufunsa kamodzi kokha. Wasayina chinachake m'mawa uno?"

"Ayi, kochi. Foni yanga sinali ndi ine, inali..."

Sanamalize. Anapisa dzanja m'thumba, anaiyatsa, zala zikunjenjemera. Nambala yotsegulira inali ya pa jezi yake, 21 katatu. Uthenga wa pamwamba pa imelo unali wothokoza chifukwa chosayina, ndipo unafika 7:04.

A Yolanda anawerenga nawo. Anayang'ana mpando wopanda munthu uja, kenako mwana wawo, kenako Andre, amene anali atazolika.

"Foni yako inali kwa bambo ako usiku wonse? Unakatani kumeneko?"

Makamera onse anali atayatsa. Reggie anachoka pa khoma nkuyamba kuyenda pakati pa holo kulunjika ku tebulo, envelopu yakhaki ili m'dzanja.

"Andre," anatero a Yolanda, akuimirira. "Iwe ukudziwa kanthu. Nena pompano, bambo uyu asanafike."

Nkhaniyi ipitirira mu gawo lachisanu.